Kukadya ku lesitilanti ya zakudya za ku Mexico: mafunso ndi mayankho

Pafupi ndi kumene ndimakhala kuno ku Johannesburg pali kalesitilanti kophika zakudya za ku Mexico, ndipo alendo anga ambiri ochokera kumudzi ndimapita nawo kumeneko. Mafunso amene amandifunsa tisanalowe, tili pa tebulo, ngakhalenso pa WhatsApp atabwerera kwawo, amakhala omweomwewo. Ndawasonkhanitsa pano kuti amene akupita koyamba, kaya ndi kuno ku Joni, ku Manchester kapena ku Texas, asakafike ali m'chimbulimbuli.

Kodi chakudya cha ku Mexico ndi chotani? Munthu wokulira nsima angachikwanitse?

Angachikwanitse bwinobwino. Maziko ake ndi chimanga, nyemba ndi tsabola, ndipo pamwamba pake pamabwera tomato, anyezi, mapeyala, maungu ndi mandimu. Palibe chachilendo pamenepo.

Chimanga chimene timachiyesa chathuchathuchi kwawo ndi ku Mexico. Anthu a kumwera kwa dzikolo, cha ku chigwa cha mtsinje wa Balsas, anayamba kuchilima zaka pafupifupi 9,000 zapitazo kuchokera ku udzu wakutchire wotchedwa teosinte. Kuno ku Africa chinabwera ndi zombo za Apwitikizi m'zaka za m'ma 1500, ndipo chinatenga nthawi kuti chilande malo a mapira ndi mawere. Mpaka lero mlimi wamng'ono wa ku Oaxaca, chigawo cha kumwera kwa Mexico, amadzala chimanga, nyemba ndi maungu m'munda umodzi, umene amautcha milpa, ndendende mmene agogo amachitira ku Dedza. Bungwe la UNESCO linaika kaphikidwe ka ku Mexico pa mndandanda wa chikhalidwe chofunika kusungidwa mu 2010, ndipo nsima yathu inalowa pa mndandanda womwewo mu 2017.

Ndiye kuli nsima?

Kulibe, ndipo musavutitse nazo woperekera zakudya. Malume anga anafunsapo, mtsikana woperekerayo n'kungomwetulira. M'malo mwa nsima muli tortilla, kamkate kopyapyala kozungulira ngati chapati, kopangidwa ndi chimanga n'kuwambidwa pa chiwaya chopanda mafuta chimene iwo amachitcha comal. Ntchito yake ndi ya nsima yomweyo: mumanyemako, n'kutapira nyemba kapena msuzi. Malumewo atadya zisanu ndi chimodzi anavomera kuti akhuta, ngakhale titafika kunyumba anapemphabe kuti azakhali awaphikire kamtanda kamodzi kogonera.

Ngati tortilla ndi chimanga, bwanji imanunkhira mosiyana ndi nsima kapena chigumu?

Funso limeneli ndi limene ndimalikonda, chifukwa yankho lake ndi mtima wa kaphikidwe konseka. Ife timakonola chimanga, kuviika mphale, kuyanika, n'kupita nayo kuchigayo. Iwo amawiritsa chimanga chouma m'madzi othira laimu wodyedwa kapena phulusa, n'kuchisiya chigone m'madzi omwewo usiku wonse. M'mawa amachitsuka, khungu lija limasupuka lokha, kenako amachipera chili chonyowa mpaka chisanduke phala lolimba lotchedwa masa. Chimanga chokonzedwa motere amachitcha nixtamal. Amayi amene amaphika therere ndi chidulo sangadabwe kumva kuti madzi a phulusa amafewetsa chakudya.

Laimuyo amachita zinthu zitatu. Amapereka fungo lija mukulimva mukangolowa pakhomo. Amapangitsa kuti ufawo ugwirane, n'chifukwa chake tortilla imapindika osathyoka. Chachitatu ndi cha thanzi: amamasula vitamini wotchedwa niacin amene m'chimanga wamba amakhala womangika moti thupi silingamutenge. Chimanga chitafalikira ku Europe ndi ku Africa, luso limeneli linatsalira kwawo, ndipo kulikonse kumene anthu anadalira chimanga chokha popanda ndiwo zokwanira kunabuka matenda a pellagra, amene amadetsa ndi kusupula khungu m'malo owombedwa ndi dzuwa, kutsegula m'mimba, mpaka kusokoneza mutu. Ku Malawi matendawa anagwira anthu zikwizikwi m'misasa ya othawa nkhondo a ku Mozambique cha mu 1990.

N'chifukwa chakenso simungapange tortilla yeniyeni ndi ufa woyera kapena mgaiwa. Ndinayesapo. Zinangophwanyika pa chiwaya ngati dothi louma. Pamafunika ufa wolembedwa kuti masa harina.

Mayina a pa menyu amandizunguza. Taco, burrito, enchilada, quesadilla, zimasiyana pati?

Zambiri mwa izi ndi tortilla yomweyo, kusiyana kwake ndi mmene yapindidwira ndi chimene chaikidwamo. Taco ndi tortilla yaing'ono yofewa, yokula ngati chikhatho, yoikidwa nyama, anyezi ndi masamba a koriyanda, n'kupindidwa pakati. Imodzi simungakhute, itanitsani zitatu. Quesadilla ndi tortilla yopindidwa muli tchizi, yowambidwa mpaka tchizicho chisungunuke. Enchilada ndi tortilla zokulungidwa muli nkhuku kapena nyama, zomizidwa mu msuzi wa tsabola, ndipo izi zimadyedwa ndi foloko. Tostada ndi tortilla yokazingidwa mpaka kuuma, zakudya n'kusanjikidwa pamwamba. Burrito ndi tortilla yaikulu ya ufa wa tirigu yokulungidwa ngati mtolo. Kwawo kwake ndi kumpoto kwa Mexico, cha ku Ciudad Juárez, kumene imakhala yowonda, muli nyama kapena nyemba basi. Chimtolo chodzaza mpunga, nyemba, tchizi ndi kirimu chimene mumachiona m'malesitilanti ambiri chinakulira ku San Francisco.

Tamal ndi masa yoikidwa nyama pakati, yokulungidwa m'makoko a chimanga kapena m'masamba a nthochi, n'kuphikidwa ndi nthunzi. Amene anadyapo mkate wa nthochi wophikidwa m'masamba akudziwa kale chochita: mumamasula kaye. Mnzanga wina analuma ndi makoko omwe, n'kumatafuna mwaulemu kwa kanthawi ndithu asanatifunse ngati ndi mmene zimakhalira.

Pa katchulidwe, "j" amamveka ngati "h", "ll" ngati "y", "qu" ngati "k". Choncho nenani "totiya", "kesadiya", "halapenyo".

Ndikupita koyamba. Ndiitanitse chiyani?

Ma taco atatu a nyama zosiyana, pa tortilla ya chimanga, ndi kambale ka nyemba pambali. Mukatero mwalawa zinthu zitatu pa mtengo wa mbale imodzi, ndipo mwadziwa ngati malowo amadziwa ntchito yawo. Carne asada ndi nyama ya ng'ombe yowotcha, kanyenya weniweni, ndipo palibe amene amaikana. Pollo ndi nkhuku, pescado ndi nsomba. Birria ndi nyama yophikidwa kwa maola ambiri mu msuzi wofiira wa tsabola wouma, kwawo ku Jalisco amaphika ya mbuzi, ngakhale malo ambiri akunja amagwiritsa ya ng'ombe. Ikakhala ya mbuzi musaisiye.

Ngati muli anthu angapo, yambani ndi guacamole. Ndi mapeyala ophwanyidwa ndi mchere, mandimu, anyezi ndi tsabola. Malo ena amaibweretsa m'kamtondo kamwala kakuda kotchedwa molcajete. Kwa ife amene tinazolowera kudya peyala ndi shuga kapena kupaka pa buledi, supuni yoyamba imadabwitsa, yachiwiri ndiye simusiyanso. Chondiwawa ine ndi mtengo wake wokha, ndikakumbukira mapeyala amene amangogwa okha pansi ku Thyolo ndi ku Mulanje.

Kodi zonse zimawawa tsabola?

Ayi. Nthawi zambiri nyama ndi nyemba zimabwera zosawawa kwenikweni, ukali umakhala mu salsa, msuzi wa tsabola umene uli m'timbale pa tebulo, ndipo mumadzithirira nokha. Salsa yobiriwira imapangidwa ndi tomatillo, kachipatso kokhala m'kathumba ngati jamu. Yofiira imakhala ya tomato kapena ya tsabola wouma. Musaweruze ndi mtundu, chifukwa pena yobiriwira ndiyo imaluma kwambiri. Donthezani pang'ono pa chikhatho kapena pa kachidutswa ka tortilla, mulawe kaye.

Pa muyeso wa Scoville, umene amayezera ukali wa tsabola, jalapeño amakhala pakati pa 2,500 ndi 8,000, pamene habanero amayambira 100,000 mpaka 350,000. Habanero ndi m'bale wake wa kambuzi, mtundu wawo ndi umodzi, ndipo fungo lawo limafanana. Munthu amene amathira kambuzi kapena Nali pa chipisi cha pa chiwaya sangaope jalapeño. Chipotle ndi jalapeño yemweyo wowumitsidwa pa utsi. Poblano ndi wamkulu, wobiriwira moderako, wosawawa kwenikweni, ndipo akauma amatchedwa ancho.

Ine kambuziyu ndi amene anandipusitsa. Ndinadzitama pa tebulo kuti ndine wa ku Malawi, tsabola sandiopsa, n'kuthira masupuni awiri a salsa yachikasu pa taco imodzi. Inali ya habanero wosaphika. Misozi, chimfine, thukuta m'mutu, alamu anga akuseka mpaka kugwira m'mimba.

Nanga ndikapsa m'kamwa nditani?

Madzi sathandiza, amangomwaza motowo, chifukwa chinthu chowawacho, capsaicin, sichisungunuka m'madzi. Mowanso suthandiza kwenikweni. Imwani mkaka, nyambitani kirimu wowawasa amene amabwera ndi chakudyacho, kapena idyani tortilla yopanda kanthu ndi mpunga.

Sindidya nkhumba. Ndisamale ndi chiyani?

Apa Asilamu, a Seventh Day ndi ena onse osadya kapado muwerenge mofatsa, chifukwa nkhumba m'zakudya izi imabisala. Zoonekeratu ndi izi: carnitas ndi nkhumba yophikidwa m'mafuta ake omwe, kaphikidwe ka ku Michoacán. Cochinita pibil ndi nkhumba ya ku Yucatán yokulungidwa m'masamba a nthochi. Chorizo ndi soseji ya nkhumba, chicharrón ndi chikopa chake chokazinga. Mawu oti puerco ndi cerdo onse akutanthauza nkhumba.

Chimene chimapusitsa ambiri ndi al pastor. Nyama yake imasanjikidwa pa chitsulo choimirira chozungulira pa moto, ndendende shawarma, ndipo kaphikidweka kanabweradi ndi anthu a ku Lebanon amene anasamukira ku Mexico, makamaka ku Puebla, m'zaka zoyambirira za m'ma 1900. Koma a ku Mexico anachotsapo nkhosa n'kuikapo nkhumba, ndi kachidutswa ka chinanazi pamwamba. Musaione ngati shawarma ya halaal.

Zobisika ndi mafuta a nkhumba, manteca. Mwamwambo amalowa mu nyemba zophwanya zokazinga zotchedwa frijoles refritos, mu masa ya tamal, ndiponso mu tortilla za tirigu. Malesitilanti ambiri akunja kwa Mexico anasinthira ku mafuta ophikira wamba, koma funsani, ndipo funsani za nyembazo mwachindunji. Tortilla ya chimanga yokha ilibe vuto, ndi chimanga, madzi ndi laimu, koma ena amaipaka mafuta a nyama poitenthetsa pa chiwaya chimodzimodzi ndi carnitas. Kusakhala nkhumba sikutanthauzanso kuti nyamayo inazingidwa mwa halaal, limenelo ndi funso lina loti mufunse eni malowo.

Nanga wosadya nyama konse, kapena wodwala akadya tirigu kapena mtedza?

Wosadya nyama ali ndi nyemba, bowa, tchizi, mapeyala ndi nopales, amene ndi masamba okhuthala a chomera chaminga cha m'chipululu, oterera pang'ono ngati therere. Za mafuta a m'nyemba onani funso la nkhumba pamwambapa, ndipo dziwaninso kuti mpunga wofiira uja kawirikawiri amauphika mu msuzi wa nkhuku. Wodwala ndi tirigu asankhe tortilla ya chimanga, apewe burrito. Wodwala ndi mtedza asamale ndi mole, imene ndaifotokoza m'munsimu, komanso salsa yamafuta yotchedwa macha.

Ndimadya ndi manja kapena ndi foloko?

Taco ndi ya manja, ndipo amene akuidula ndi mpeni ndiye mlendo. Finyirani ndimu, thirani salsa, igwireni ndi zala zitatu, pendeketsani mutu wanu osati taco, n'kuluma. Ikabwera pa tortilla ziwiri zosanjikiza si kulakwitsa, yachiwiriyo ndi yochirikiza, komanso yotolera zimene zagwera m'mbale. Vuto ndi lakuti sakubweretserani beseni ndi jagi ngati kwathu, pitani kaye mukasambe m'manja.

Akuti zina si za ku Mexico zenizeni. Tex-Mex ndi chiyani?

Texas inali mbali ya Mexico mpaka 1836, ndipo anthu olankhula Chisipanishi amene anatsala kumeneko anapitiriza kuphika ndi zimene anali nazo: ng'ombe yambiri, ufa wa tirigu, kenako tchizi chachikasu cha m'mafakitale. Chili con carne (nyama yophikidwa mu msuzi wa tsabola), fajitas (nyama yodulidwa motalika) zobwera zikuthetheka pa chiwaya chamoto, ndi ma taco ouma okhukhuta ogulidwa m'bokosi, zonsezi zinakulira ku America. Nachos, tizidutswa ta tortilla tokazinga tothiridwa tchizi, zili pa malire penipeni: anaziyambitsa Ignacio Anaya, amene ankamutchula kuti Nacho, m'tauni ya Piedras Negras m'zaka za m'ma 1940, pophikira azimayi ochokera kutsidya, ku Texas.

Malesitilanti ambiri a ku South Africa ndi ku Britain olembedwa kuti "Mexican" amaphika Tex-Mex. Ine sindinyoza, fajitas ndimadya. Chimene ndimakana ndi kulipira mtengo wokwera chifukwa cha zipewa zazikulu zopachikidwa pakhoma pamene chakudyacho chamira m'tchizi moti simukumva kukoma kwa china chilichonse.

Ndingadziwe bwanji kuti malowo ndi abwino?

Nunkhizani tortilla. Ikakhala yotentha, yofewa, yonunkhira chimanga chowiritsa, m'khitchinimo muli munthu wosamala. Ikakhala yozizira, yothyoka poipinda, yachokera m'pepala la pulasitiki. Kenako lawani salsa: yopangidwa tsiku lomwelo imamveka tomato wowotcha ndi mandimu, ya m'botolo imatsekemera ngati tomato sosi. Menyu yaifupi ndi chizindikiro chabwino kuposa ya masamba khumi.

Mole ndi chiyani? N'zoona kuti amathira chokoleti pa nkhuku?

N'zoona, koma si mmene mukuganizira. Mole ndi msuzi wokhuthala wopangidwa popera pamodzi tsabola wouma wamitundu ingapo, chitowe, mtedza, zonunkhiritsa, tomato, nthawi zina nthochi ndi buledi wouma, ndiye chokoleti chowawa pang'ono chabe. Zinthu zolowamo zimatha kupitirira 20. Sutsekemera ngati switi, umakhala wakuda, wa utsi, wowawirako. Wotchuka ndi mole poblano wa ku Puebla, ndipo Oaxaca imadziwika ndi mitundu 7. Ndi chakudya cha pa ukwati ndi pa maphwando. Mtundu wina wotchedwa pipián umakhuthala ndi nthanga za maungu zosinja, ndipo aliyense wodziwa ndiwo zotendera akalawa amagwedeza mutu.

Ndamva kuti amadya ziwala. Zoona?

Zoona, ndipo alendo a ku Ulaya amajambulitsa nazo zithunzi ngati achita zamphamvu. Ku Oaxaca amazitcha chapulines, amazikazinga ndi mchere, adyo, mandimu ndi tsabola. Ife a bwannoni, ngumbi ndi mphalabungu tingoti ndiwo. Amadyanso bonongwe ndi masamba ena omera okha m'munda, onse pamodzi amawatcha quelites, komanso maluwa a maungu amene amawaika mu quesadilla.

Chimodzi chokha n'chimene chinandiimitsa mutu: huitlacoche. Ndi matenda aja a chimanga amene amatupitsa njere n'kuzisandutsa zotuwa kunja, zakuda bii m'kati, amene ife tikawaona m'munda timathyola n'kutaya. Kumeneko ndi chakudya chapamwamba, chodula kuposa chimanga chabwinobwino, ndipo chimakoma ngati bowa.

Ndimwe chiyani ngati sindimwa mowa?

Funsani agua fresca. Ya jamaica ndi chidede, inde chidede chomwechi, chowiritsidwa n'kuthiridwa shuga ndi madzi oundana. Ya tamarindo ndi bwemba. Horchata ndi yoyera ngati mkaka, ya mpunga woviika ndi sinamoni, ndipo imaziziritsa bwino m'kamwa mwa munthu amene wachita zimene ndinachita ine ndi habanero. Ku Jalisco kulinso tejuino, chakumwa cha chimanga chosasitsa pang'ono chimene chili ngati msuweni wa thobwa, koma kunja kwa Mexico sichipezekapezeka.

Tequila ndi mezcal zimasiyana bwanji? Nanga nyongolotsi ya m'botolo ija?

Zonse ndi mowa wotcheza kuchokera ku chomera cha agave. Chomerachi mukuchidziwa: khonje amene timapotera zingwe ndi mtundu umodzi wa agave, ndipo nayenso anachokera ku Mexico. Tequila amapangidwa ndi agave wabuluu yekha, makamaka m'chigawo cha Jalisco, ndipo dzinalo ndi la tauni ya kumeneko. Mezcal amapangidwa ndi mitundu yambiri ya agave, makamaka ku Oaxaca, ndipo mitima ya chomeracho amaiwotcha m'dzenje, n'chifukwa chake amanunkha utsi. Tequila wolembedwa blanco ndi woyera wosagonera, reposado wakhala mu mgolo miyezi iwiri kapena kuposa, añejo chaka kapena kuposa. Botolo losalembedwa kuti "100% agave" ndi losakaniza ndi shuga wina.

Kachilombo kaja si nyongolotsi, ndi mphutsi ya gulugufe wa usiku yokhala mu agave, ndipo imaikidwa m'mabotolo ena a mezcal, osati a tequila. Margarita ndi tequila wosakaniza ndi mandimu ndi mowa wa malalanje, m'tambula yopakidwa mchere m'mphepete. Imatsika ngati Sobo, koma tequila wolowamo ndi wa mphamvu ya kachasu, pafupifupi 40 peresenti. Mukamwa ziwiri, galimoto ayendetse wina.

Ndingapite ndi ana?

Pitani nawo. Quesadilla ya tchizi chokha, mpunga, nyemba, ndi elote, amene ndi mondokwa wowotcha kapena wowiritsa wopakidwa mayonezi, tchizi ndi mandimu. Nenani kuti asawaze tsabola. Pomaliza agulireni churros, timandasi tatitali topakidwa shuga ndi sinamoni. Timbale ta salsa tisunthireni kutali ndi manja awo.

Tchipisi ta chimanga timene amabweretsa tisanaitanitse kanthu, ndi taulere?

Ku America kawirikawiri ndi taulere, ndipo amawonjezera tikatha. Kuno ku South Africa ndi ku Britain nthawi zambiri mumalipira, choncho funsani musanayambe kutola. Guacamole ndiye pafupifupi kulikonse ndi yolipira payokha. Musakhute nato, chakudya chenicheni chikubwera.

Nanga kangachepe ka woperekera zakudya, ndisiye zingati?

Zimatengera dziko limene muli, osati mtundu wa chakudya. Ku South Africa ndi ku Mexico komwe, 10 mpaka 15 peresenti ya bilu. Ku America amayembekezera 15 mpaka 20, chifukwa malipiro a operekera zakudya ambiri amadalira pamenepo. Ku Britain yang'anani kaye pa bilu, malo ambiri amakhala ataikapo kale 10 kapena 12.5 peresenti. Ngati mukagawana bilu, nenani poyamba musanaitanitse, si pamapeto aliyense atayamba kuwerengetsa kuti guacamole anadya kwambiri ndani.

Pa 5 May malowa amadzaza. Ndi tsiku la ufulu wa Mexico?

Ayi. Ufulu wawo amakumbukira pa 16 September, tsiku limene nkhondo yochotsa ulamuliro wa Spain inayamba mu 1810. Tsiku la 5 May, lotchedwa Cinco de Mayo, ndi chikumbutso cha nkhondo ya ku Puebla ya mu 1862, pamene asilikali a Mexico anagonjetsa a France. Ku Mexico komweko tsikuli limakondwereredwa makamaka ku Puebla, linakula chonchi ku America, ndipo ogulitsa mowa anathandizira. Ngati mukufuna kukadya mwa mtendere, mukumvana ndi amene mwakhala naye, pitani tsiku lina. Ngati mukufuna phokoso ndi margarita wotchipa, sungitsani tebulo kudakali sabata.